Kapeti wa Madamu ndi Matiresi a Amayi

Amalume ndi amene anayamba kundiuza. Anandiimbira foni ndili pa siteji ya basi kuno ku Chelstone, mwana ali kumsana. Amayi tinali titawaika m'manda kale, ndipo abale anali kusesa m'nyumba yawo ku Kabwata. Amalume anati, "Mwana wa mlongo wanga, tapeza chinthu pansi pa bedi. Chija cha zitenje chija. Titaye?" Ndinati ayi, chonde, musachikhudze. Basi inadutsa ine nditangoima.

Chinthucho ndi choyala chachikulu cha zigamba za zitenje, mkati muli siponji. Lero chaphwa, chasanduka ngati chikumba. Koma ndikachinunkhiza ndimabwerera ku nyengo ina yozizira, ndili kamtsikana ka ku pulayimale, miyendo yotuwa.

Nthawi imeneyo atate anali atamwalira, ndipo amayi ankasamala ana akhanda mu holo ya tchalitchi chathu. Azimayi ogulitsa kumsika m'tauni ankasiya ana awo m'mawa, n'kudzawatenga madzulo. Ankapereka zimene anali nazo, wina tomato, wina tinsomba ta kapenta, wina kandalama. Ndi zimene tinkadya. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkapita komweko, chifukwa kunyumba kunali kotseka.

Pansi pa holoyo panali simenti yopaka polishi wofiira. Azimayi a mpingo ankanyadira kuwala kwake, ankakwecha mpaka munthu n'kudziona nkhope. Koma mu Juni pankazizira ngati chitsulo, ndipo pankaterera. Tsiku lina kamwana kena kongoyamba kuima kanagwa chagada. Phokoso la mutu wake ndimalimvabe, ngati dzungu lagwa pa tebulo. Mulungu ndi wabwino, kanangotupa chabe. Koma a komiti ya mpingo anaitana amayi n'kuwauza kuti ngati sapeza chofewa choyala pansi, holo aitseka. Iwo sanapereke kanthu. Anangopereka mawu.

Amayi anayamba kuyenda. Loweruka lina ananditenga ku Kamwala, tikulowa shopu ndi shopu. Ankagwira kapeti ndi chala, n'kufunsa mtengo, n'kuseka pang'ono, ife n'kutuluka. Mphasa zinali zotsika mtengo, koma amayi anati zimacheka mawondo a mwana wokwawa, ndipo bango likathyoka limabaya. Anayesa masaka, ana anayamba kuyetsemula. Anayesa makatoni, tsiku limodzi anali atanyowa n'kusanduka phala. Mabulangete ogwiritsidwapo kale ntchito a pa salaula ankathawa pa polishi, mwana n'kuthawa nawo limodzi.

Ndiye kunabwera Madamu. Anali mayi wa mpingo wathu womwewo, koma wokhala ku Kabulonga kwa anthu olemera, wa mpando wakutsogolo. Mulungu andikhululukire, ine ndine munthu wopemphera ndipo ndaphunzitsidwa kusaweruza, koma mayi ameneyu ndikamukumbukira pakamwa panga pamawawa. Anamva za mwana wogwa uja n'kulengeza m'tchalitchi, pamaso pa anthu onse, kuti nkhaniyi yamukhudza mtima. Anthu anaomba m'manja asanaone n'komwe chimene adzapereke.

Anafika ndi galimoto, dalaivala atanyamula kapeti woyera mbee, wa ubweya wautali ngati wa mbuzi ya azungu. Woyera! Wa ana akhanda odya phala la soya! Anabweranso ndi munthu wojambula. A komiti anavala masuti pakati pa sabata. Madamu anasankha mwana wonenepa kuposa onse, anamunyamula motalikitsa ndi bulauzi yake, n'kumwetulira. Amayi anauzidwa kuti aime kumapeto, mwina m'chithunzimo munangolowa phewa lawo.

Atatha kujambulitsa, Madamu anapereka malamulo. Ana asadyere pamenepo. Ana onse azivala matewera otaya a m'shopu, osati ansalu. Mayi wina wogulitsa chibwabwa, masamba a maungu aja, ananong'ona kuti, "Manje ba Madamu baganiza ise tigulisa golide?" Anzake anabisa nkhope m'zitenje. Ine ndinagona pa kapetiyo kamphindi, ndipo sindinama, anali wofewa ngati mtambo. Ndinaganiza kuti Madamu ndi mngelo. Ubwana ndi umbuli ndithu.

Mwana sadziwa Kabulonga. Tsiku lotsatira, yemwe uja wonenepa wa m'chithunzi anakodza pakati penipeni, ndipo mnzake anasanza phala pambali. Amayi anachapa ndi sopo atagwada, koma madzi anangolowa mkati, ubweya sunaume, ndipo holo yonse inayamba kununkha ngati galu wonyowa. Madamu atabwera kudzaonetsa anzake awiri ntchito yake yabwino, anaima pakhomo atagwira mphuno. Anati, "Anthu aba, olo uwapase chabwino." Sanayang'ane amayi. Dalaivala anapinda kapeti n'kuika m'galimoto. A komiti, omwe aja oomba m'manja, anauza amayi kuti achititsa mpingo manyazi, ndipo Lamlungu likadutsa pansi popanda choyala, atenga makiyi.

Mpaka lero ndimadabwa. Munthu wopereka mphatso n'kupita nayo, wapereka chiyani? Chithunzi chija chinakhala pakhoma la ofesi ya tchalitchi zaka zambiri. Kapeti anakhala masiku osakwana sabata.

Amayi sanatukwane. Madzulo amenewo azimayi akubwera kudzatenga ana, anawapempha kuti aliyense abweretse chitenje chimodzi chakale, chimene amaberekera mwana wake. "Musachape," anatero. Azimayi anaseka, koma anabweretsa. Zina zinali zong'ambika m'mbali, zonunkha mkaka, utsi wa mbaula ndi thukuta la kumsika.

Kunyumba tinali ndi matiresi amodzi, aakulu, amene tinkagonapo awiri. Loweruka m'mawa amayi anawatulutsa panja, ananola mpeni pamwala, n'kuyamba kucheka siponji mopingasa, kuti ikhale yopyapyala koma yotambalala. Mpeni unkalira ngati munthu akudula kabichi. Ine ndinalira, osati chifukwa cha iwo ayi, koma chifukwa cha tulo tanga. Anandisiyira kachidutswa kondikwanira. Amalume anabwera ndi makina awo osokera pa wilibala, ndipo ataona chimene chikudulidwa anaima chilili. "Mlongo, amenewa?" Amayi anangoti, "Soka iwe."

Anasoka tsiku lonse. Anapanga ngati thumba lalikulu lotsegula mbali imodzi, kuti siponji izituluka pochapa. Kunsi anasokerera timizere ta mphira wa chubu cha njinga kuti lisaterere pa polishi. Silinali lokongola. Apa maluwa, apa nsomba, apa nkhope ya munthu wa ndale itadulidwa pakati.

Lolemba anayala. Chimene chinachitika ndinachiona ndi maso anga. Ana aja, amene ankalira m'mawa uliwonse amayi awo akachoka, anayamba kukwawa uku ndi uku, kenako wina anaika tsaya pa chigamba cha amayi ake n'kugona pomwepo. Wina anagwira chake n'kumayamwa chala. Si onse, ena anapitiriza kulira monga mwa masiku onse, koma holo inakhala bata lomwe sitinalizolowere. Wina akakodza, amayi ankasolola siponji, kutsuka, kuyanika pa waya. A komiti anabwera, anaponda ndi nsapato, n'kunena kuti, "Chabwino, koma alendo akamabwela muzichosa." Makiyi sanatenge. Madamu sanalowenso mu holo.

Nyengo yonse yozizira ija amayi ankagona pa makatoni, atafunda bulangete limodzi. Ndikawafunsa ankati, "Msana wanga umafuna polimba." Ndinakhulupirira. Ndinafika pokauza aphunzitsi m'kalasi, tikuphunzira za thanzi, kuti kugona pa simenti kumachiritsa msana, amayi anga amatero. Ana anaseka. Aphunzitsi sanaseke. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundiuza kuti ndikhale pansi.

Pali chinanso chimene sindinkatha kumvetsa. Atate atamwalira, abale awo ananyamula zonse, bedi, mipando, wailesi, ngakhale mapoto. Ndinkaganiza kuti matiresi anatisiyira chifukwa cha chifundo. Amalume andiuza posachedwa, atandibweretsera choyalacho, kuti si choncho. Pamaliro mkazi wamasiye amakhala pa matiresi pansi, azimayi atamuzungulira, ndipo palibe amene angamuuze kuti nyamuka. Amayi sananyamuke mpaka galimoto ya katundu itapita. Ndicho chinthu chokha cha atate chimene anapulumutsa, pochikhalira. Ndipo ndi chomwecho anachicheka ndi mpeni, kuti ana a eni asagunde mitu. Ine ndinali pambali, ndikulirira tulo.

Choyalacho chili pano pabalaza panga, mwana wanga akukwawapo. Inu amene mwawerenga, mukagwada mutikumbukireko: ine, ana anga, ndi amalume amene atsala okha m'nyumba ya kwawo. Chisoni chikadali chachiwisi.