Zomera Zokha

Fungo la mpungabwi likandipeza, ngakhale lero, silinditengera kwathu ku Mangochi. Limanditengera kuseri kwa nyumba ina ku Al Hilal, kumene kunali nazale ya maluwa ya Baba Hamadi. Kunkanunkha dothi lonyowa, manyowa a nkhosa ndi mapulasitiki opsa ndi dzuwa. Pamwamba panali neti yobiriwira yotchinga dzuwa, ndipo kuwala kukadutsa m'netimo manja a munthu ankaoneka ngati a wodwala. Pansi pankakhala matope nthawi zonse, chinthu chimene sindinkachiona kwina kulikonse mu Doha.

Ndinafika kumeneko ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi, mayi anga atangomwalira. Bambo sindinawadziwe, anapita ndili kumsana. Agogo anga obala mayi, amene ndinkawaitana kuti anganga, anali atagwira ntchito m'nyumba ya Baba Hamadi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Analera ana ake, anadwazika mkazi wake mpaka kumutseka maso, ndipo mphamvu zokolopa zitachepa, mkuluyo anawasamutsira ku nazale. Ndi iye amene anayendetsa mapepala anga, zimene anthu ankati sizichitikachitika. Malo a sukulu anali asanapezeke, choncho nyengo yonse yozizira ya chaka chimenecho ndinaithera pakati pa machubu.

Nazaleyo inali ya pakhomo basi. Baba ankakhala pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi geti, kapu ya tiyi ili pa bondo, ndipo wogula aliyense ankamudziwa dzina ndi mtundu wa dothi la kunyumba kwake. Munthu akagula mbande khumi, iye ankaponyamo ya khumi ndi chimodzi osanena kanthu. Anganga ndiwo ankafesa, kupatulira ndi kuwokera. Zala zawo zinali zakuda m'ming'alu, zosayera ngakhale ndi sopo. Awiriwo ankakangana m'Chiarabu tsiku ndi tsiku za madzi, Baba akuti achuluka, anganga akuti achepa, ine ndili phee pa chigubu, ndikungowayang'ana pakamwa.

Kumapeto kwenikweni, kumene mpanda unkakumana ndi thanki, kunali ngodya ya anganga. Kumeneko kunalibe machubu ogula. Kunali zitini za penti ndi zigubu za mafuta ophikira zodulidwa pakati, ndipo m'menemo munali bonongwe, luni, chisoso ndi denje. Madzi a m'paipi ankawakana, ankati ngowuma, choncho ankasenza ndowa ya madzi otsukira mpunga kuchokera kukhitchini, m'mawa ndi madzulo. Dzuwa likakula ankanyamula zitinizo chimodzichimodzi kuzilondoletsa mthunzi.

"Izi kwathu timati ndiwo zomera zokha," anandiuza tsiku lina, akutsina nsonga za luni. "Izi sitilima. Zimangomera padzala, m'mizere, paliponse."

Chitini chimodzi chinali ndi chomera chosadyedwa. Anganga maliro a mayi sanawapeze, anafika patatha sabata ziwiri kudzanditenga. Tsiku lonyamuka anapulula njere za mpungabwi umene unamera pafupi ndi chitseko cha mayi, n'kuzimanga m'kampango. Zinamera zitatu, unapulumuka umodzi. Madzulo ankaupukusa pang'ono ndi dzanja, n'kununkhiza chikhatho, n'kundinunkhitsanso ine. Za mayi sitinkakamba. Kukamba kwathu kunali kumeneko.

Lachisanu swala ya kumzikiti ikatha, kunkabwera a kwathu: atsikana a m'nyumba za mu Al Hilal momwemo, madalaivala awiri, ndi Che Mussa, amene ankalonda pa nyumba ina yosanja ku West Bay. Che Mussawo ankayamba kuseka asanalowe n'komwe.

"Anganga, bonongwe uyu ali ndi viza? Ine ndamuona alibe ID, ndikamuripota." Akandiona ine ankati, "Aka n'kakazitape aka. Kamangoyang'ana, tsiku lina kadzatigulitsa tonse."

Aliyense ankachoka ndi kamtolo ka masamba, ndipo wofuna mbande ankapatsidwa. Wina akalowetsa dzanja m'thumba, anganga ankamumenya padzanja. Ankati mbewu samana.

Ukazitape wangawo unali woona ndithu. Ndinaona kuti ogula akuchepa. Ndinamva mayi wina akuuza Baba kuti kumsewu waukulu kwatsegulidwa sitolo ya maluwa yaikulu ngati bwalo la ndege, yozizira mkati, ya matolole, kumene maluwa amafika pa malole atachita kale maluwa, ndipo munthu saponda matope. Ndinaonanso ana aamuna a Baba akubwera ndi anthu awiri onyamula tepi yoyezera. Anayeza mpanda wonse, n'kupopera kachizindikiro ka penti yofiira pakhoma la kungodya. Palibe amene ndinamuuza, chifukwa palibe amene anandifunsa.

Mu Januwale Baba anagwa pa mpando wake uja, mbali imodzi itafa. Pasanathe mwezi ana ake anagulitsa nazale kwa kampani ya sitolo ija. Mwana wamkuluyo, amene anganga anamuberekapo kumsana ndi chitenje cha kwathu, anadzawauza ali chiimire pakhomo la kukhitchini, makiyi a galimoto akulira m'manja. "Mafi mushkila, mama," anatero, kutanthauza kuti palibe vuto. Anati ntchito ipitirira monga kale.

Akampani anafika atavala malaya obiriwira ofanana. Mphika uliwonse anaumata kapepala ka mizeremizere, ndipo chilichonse chinayenera kukhala ndi dzina m'kaundula wawo. Manijala wawo anali mwamuna wamtali wa dziko lina, wosamva Chiarabu, wolankhula Chingerezi chokha. Anganga, amene zaka zonsezo ankakangana ndi Mwarabu m'chinenero chake, tsiku limenelo anasanduka osalankhula. Manijala atafika kungodya analoza zitini ndi bolopeni n'kufunsa. Anganga anayankha mwaulemu m'Chiarabu, iye n'kupukusa mutu. Pamenepo anatembenukira kwa ine. "Kamba nawo, Asiyatu. Suja unaphunzira?"

Ndinanyada. Kanali koyamba kuti ndifunike pa chinthu chimene anganga sangathe. Manijala anabwereza funso pang'onopang'ono: zomera izi n'chiyani? Bonongwe m'Chingerezi sindinkamudziwa, luni ngakhale chisoso ayi. Koma dzina lazo zonse pamodzi ndinkalidziwa, ndinali nditalimva kwa mwiniwake. Ndinasonkhanitsa Chingerezi changa cha sitandade folo n'kumuuza kuti zimenezi zimamera zokha.

"Ah, weeds," anatero, n'kulemba.

Ndinamwetulira. Ndinkaganiza kuti ndaphunzira dzina lazo m'Chingerezi, ndipo ndinalibwereza mumtima kuti ndisaliiwale. Anganga anagwira pachifuwa n'kumuthokoza.

M'mawa mwake tinapita kuchipatala kukaona Baba. Anagwira dzanja la anganga ndi dzanja lake lamoyo lija, pakamwa pakuyenda koma mawu osatuluka. Titabwerako tinapita kukathirira, n'kupeza ngodya yaseseredwa. Panalibe chitini n'chimodzi chomwe, pansi pokha panatsala mabwalo onyowa osonyeza pamene chilichonse chinakhala. Lole ya zinyalala inali itapita kale. Mpungabwi ayenera kuti anauponda pokweza, chifukwa fungo lake linali pamalo ponse, lamphamvu kuposa tsiku lina lililonse. Anganga anaima pamenepo nthawi yaitali, ndowa ya madzi a mpunga ili m'manja.

Anali Che Mussa amene anamasulira, Lachisanu lotsatira. Tsiku limenelo sanaseke. Atafunsa anyamata a kampani anabwera n'kunena motsitsa mawu, "Analemba kuti weeds, anganga. Ndiye kuti udzu. Tchire lofunika kuzula."

Anganga anandiyang'ana. "Iwe unawauza chiyani anthu aja?"

Ndinanena zoona. Anapukuta manja pa chitenje ngakhale anali owuma. Ndinkayembekeza mbama, ndipo ndikanailandira mosangalala.

"Zomera zokha," anatero. "Nanga msana wangawu unapindika ndi chiyani?"

Sanadzabwerezenso. Masabata otsatira anayenda kufunsa onse amene anawapatsapo mbande za mpungabwi, kuti mwina wina abweze kanthambi. Wa mtsikana wina unauma ndi mphepo ya makina oziziritsa m'nyumba. Wa mnzake abwana ake anautaya, ati ukuitana tizilombo. Che Mussa anati kukampu kwawo saloleza zitini pawindo. Munthu amene sanamanepo mbewu anasowa wom'bwezera njere imodzi.

Kutentha kutayamba, kampani inasankha otsala. Inatenga anyamata otha kukweza matumba ndi kuwerenga timapepala tija. Anganga anauzidwa kuti alibe satifiketi ya zaulimi. Mapepala athu tonse awiri anali pa dzina la nyumba ya Baba, ndipo ana ake anati khalasi, zatha, nyumba nayonso ikusintha. Tsiku lonyamuka ndinasuzumira pa geti. Neti inali itachotsedwa, pansi atathira simenti, ndipo kungodya kuja kunali mzere wa matolole olowetsana.

Anganga anakhala zaka zina zisanu ndi chimodzi kwathu. Bonongwe ankamera yekha kuseri kwa nyumba mvula iliyonse, ndipo ankanditumako ine kukathyola. Iwo sankapitako.

Ndinakula ndikudziwa kuti ngodya ija ndinaipha ndine, ndi pakamwa panga, tsiku lokhalo limene ndinatsegula pakamwapo. Tsopano ndili ku Doha konkuno, ndimalandira alendo pa hotela ina ku West Bay, ndi Chingerezi chomwe chija chitakula. Popita kuntchito ndimayang'ana maluwa a m'mbali mwa msewu, ndipo pansi pa lililonse pali kapaipi kakuda, ndi munthu wovala ovolosi amene anabwera dzuwa lisanatuluke. Ndimakumbukira penti yofiira ija pakhoma, imene inapoperedwa milungu ingapo manijala asanandifunse funso lililonse. Manijala uja anali atakhala m'dziko muno, ntchito yake inali ya zomera, ndipo ankadziwa bwino kuposa ine kuti kuno kulibe chomera chokha, makamaka m'chitini cha penti choboola pansi. Ankangofuna woti anene mawuwo, ndipo anapezeka mwana wa zaka zisanu ndi zinayi. Zimenezi ndikuzidziwa tsopano. Koma mpungabwi ukandinunkhira, amene amayamba kufika si manijala. Ndi kamtsikana kaja, kakumwetulira, kakubwereza mawu atsopano mumtima kuti kasawaiwale.