Woyesa mahedifoni wa kwathu

Bambo oyandikana nane nyumba ndi mwana wa malemu a Wilisoni ndi a Elenala, ndipo anabereka Grain ndi Comfort. Ntchito yawo ndi kuyanika matemba ku Kachulu, koma chimene amatchuka nacho ndi makutu. Munthu akagula mahedifoni, amayamba wadzera pakhonde pawo kuti akamve chigamulo. Ting'onoting'ono tolowetsa m'khutu amati timalira ngati udzudzu wa kudambo. Opanda nthambo amati batire imatha nyimbo isanafike pakolasi.

Kayesedwe kawo n'kamodzi. Amavala, n'kuuza akazi awo kuti akawaitane ali kuseri kwa nyumba. Mawu akangowafika, mahedifoniwo ndi achabechabe.

Chaka chatha mdzukulu wanga Brenda anandigulira ku Zomba aakulu ophimba khutu lonse, oti ndizimvera kwaya. Bambowa anawapempha kuti awayese. Akazi awo anaitana katatu, kenako anakuwa zenizeni, chifukwa mbuzi zinali zitakwera pathandala la matemba. Amuna awo anangokhala phee, akugwedeza mutu n'kumamwetulira.

Akazi awo atawavula mahedifoniwo mokakamiza, bambowa anayang'ana thandala lopanda kanthu n'kunena kuti, "Make Grain, sindinakumveni ngakhale pang'ono. Awa ndiye enieni."

M'mawa uliwonse ndimaima pampanda. "Achimwene, mphatso ya mdzukulu wanga ija?"

"Achemwali, mayeso sanathe. Sindinawamvere mvula ikugwa pamalata."

Mvula inagwa, mpunga tinakolola, mahedifoni akadali pamutu pawo. Mawa ndikukatenga, ndipo akazi awo alonjeza kundigwirira manja a amuna awo.