Chibwabwa mu Lesitilanti ya Alamu

Chaka chimene mvula inakana ku Mwape, ndinasiya khasu n'kupita ku Kacholola. Alamu anga, mkazi wa akulu anga, anali ndi lesitilanti m'mbali mwa msewu waukulu. Anandipatsa ntchito yosesa ndi kupukuta matebulo.

Tsiku lina anabwela kuchokela ku Lusaka ndi maluwa a pulasitiki. Ena anawapachika kudenga. Lalikulu, lofika m'chiuno, analiimika m'ndowa ya miyala pafupi ndi zenela.

"Alamu, mvetsani," anatelo. "Ili silifuna madzi. Muzilipukuta ndi kansanza basi. Masamba ndawawelenga. Limodzi likasowa, mubwelela ku Mwape."

Ku Mwape kunali njala. Ndinavomela.

Ndinkadziwa kuti ndi pulasitiki. Sindine chitsilu. Koma panali dilaiva wina wa lole, wamimba yaikulu, amene ankadya pathu Lachiwili lililonse. Atamva kuti ndine mlimi, anandiyamba.

"Bambo alimi, mbewu yanu ija yafika pati?"

Anali akuloza duwa la pulasitiki lija.

Sabata lina: "Miyezi iwili, tsamba latsopano palibe! Kansi mvula munkangoinamizila kumudzi kuja?"

Anthu anaseka mpaka wina kutsamwa ndi fupa la nkhuku. Munthu anditukwane pa china chilichonse, osati pa ulimi.

Alamu atapita ku Petauke kukadwazika amayi awo, ndinakhuthula miyala ija. Ndinathila m'ndowamo dothi la pachulu ndi manyowa a mbuzi. Duwa lawo ndinalibwezela pakati, n'kukwilila njele zitatu za dzungu m'mbali. Pamwamba ndinayala timiyala pang'ono. Madzi otsukila mpunga ndinkathila m'mawa uliwonse.

Zinamela. Pasanathe mwezi, chibwabwa chinali chitakwela duwa la pulasitiki n'kugwila zitsulo za pazenela.

Lachiwili dilaiva analowa n'kuima. Anagwila tsamba lam'munsi, pulasitiki. Anagwila lam'mwamba, linamuyabwa chala.

"Ah ah! Nanga ichi?"

"Chakula," ndinatelo. "Mudya nkhuku kapena nsomba?"

Anadya maso ali kuzenela. Tsiku limenelo ndinasesa ndikuimba mluzu.

Chimene sindinachiganizile ndi mbuzi. Pulasitiki ilibe fungo, koma chibwabwa chili nalo. Lachisanu masana ndili kuseli kutunga madzi, ndinamva ndowa ikugwa. Ndinathamanga. Dothi ndi manyowa zinali pansi ponse. Mbuzi ya aneba, miyendo iwili patebulo, inali kumalizitsa tsamba lomaliza. Pakhomo panali pataima alamu, chikwama kumutu, atangotsika basi.

"Alamu! Munda mu lesitilanti yanga?"

"Unali waung'ono."

"Longedzani. Ku Mwape!"

"Munati tsamba lanu likasowa. Welengani."

Anatula chikwama. Anadzutsa duwa, analisasa dothi, anawelenga. Anabwelezanso, uku akuloza ndi chala. Onse analipo. Mbuzi inali itadya changa chonse, chawo sinachilume n'komwe.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaseka mpaka kukhala pampando.

"Mbuzi iyi ili ndi nzelu kuposa inu."

"Kuposanso amene anagula chinthu choti mbuzi n'kukana."

Anandiponyela tsache.

Ku Mwape sindinabwelele chaka chimenecho. Maluwa anandiletsa kuwakhudza, ngakhale kuwapukuta. Anandipatsa kamalo kuseli kwa khichini, akuti manja anga azipenga kumeneko.

Lachiwili lotsatila dilaiva anapeza duwa litabwelela msinkhu wake wakale. Analizungulila kawili.

"Bambo alimi, nanga masamba aja?"

"Tinakolola."