Nkhata Yopanda Katundu

Bambo a ana anga atamwalira, thupi langa linangokhala katundu woti ndizimusuntha kuchoka pa mphasa kupita pa mpando. Sindinkamva chisoni, sindinkamvanso njala. Ndinali nditapuma kale pa uphunzitsi, ndiye panalibe belu londidzutsa.

Kuchipatala cha pa boma anandipeza ndi shuga komanso BP. Dokotala wake, wamng'ono ngati ana amene ndinkawaphunzitsa, anandiuza mosapsatira.

"Amayi, mankhwala okha sakwanira. Muziyenda ndawala m'mawa uliwonse mpaka thukuta lituluke. Apo ayi, sitiroko ikupezani chaka chino chisanathe."

Ndinavomera monga mmene munthu amavomerera moni. Kufa sikunkandiopsa. Ndinayamba kuyendako chifukwa mwana wanga wamkazi ankaimba foni tsiku lililonse, ndipo kunama kunkanditopetsa kuposa kuyenda.

Vuto ndi lakuti kwathu kwa Kaomba munthu sayenda wopanda kopita. Aliyense wokumana naye amafunsa kuti, "Mwauyatsa wa kuti?" Mayi wamasiye angayankhe bwanji kuti akungoyendayenda? Mawu amenewo ali ndi tanthauzo lina, ndipo kumvano akanandiyitanitsa. Choncho ndinkapinda chitenje kukhala nkhata n'kuigwira m'manja, kuti ndizioneka ngati ndikukasenza kanthu.

Inali nyengo ya makuponi. Mvula inali pafupi, nazale za fodya zitabiriwira m'madimba, koma feteleza wotsika mtengo asanafike kudepoti. Anthu ankangotchera khutu. Ine za feteleza sizinkandikhudza, munda ndinali nditausiya thengo.

Tsiku lina ndikudutsa pa zigafa za esiteti ina ndinamva mapazi kumbuyo. Sindinacheuke. Mapaziwo anachuluka, ena a patapata, ena opanda nsapato. Nditafika pa kamlatho pamene ndinkabwererapo, ndinatembenuka, n'kupeza gulu la amayi a m'mudzi mwathu, aliyense nkhata m'manja, ena ana kumsana, onse ali wefuwefu.

"Bwanji mwaima, aphunzitsi?" anafunsa mayi wina wa kumpingo kwathu, amene tinayandikana nyumba. "Si wafika feteleza?"

Ankaganiza kuti ine, munthu wa wailesi ndi foni, ndamva mphekesera ndipo ndikuthamangira kukakhala kutsogolo pamzere.

"Kulibe feteleza," ndinatero. "Achipatala anati ndiziyenda kuti ndisafe."

Wina anatsonya, wina anamasula nkhata yake n'kupukutira nkhope. Ndinadikira kuti andilalatire, ndipo sindikanadandaula.

Mnansi wanga uja anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu.

"Ndiye mwatisiyitsa makasu chifukwa simukufuna kufa?" Anaseka pang'ono. "Chabwino. Ife timayesa tinakukwirirani limodzi ndi abambo aja. Pakhomo panu timangoona chitseko."

Ndinafuna kumuuza kuti akulakwitsa, kuti kwa ine kukhala ndi kufa zinali chimodzimodzi. Mpweya unandiperewera. Mtima unkagunda mwamphamvu m'chifuwamu, osandifunsa n'komwe.

Tinabwerera limodzi, iwo akudandaula za mizere yosatha kulima, ine ndili pambuyo. Palibe anandidikira, palibenso anandisiya patali.

Nditafika kunyumba ndinakhala pakhonde. Kenaka m'mimba munalira. Inali njala, koyamba chiikireni maliro a mwamuna wanga. Ndinakwiya nayo kwambiri, chifukwa iye anali m'manda ndipo ine ndinkafuna chakudya.