M'kati mwa Kamakina ka Pampu

Ine mbuli, ndinkakhulupirira kuti makina saiwala, mpaka mwana wanga wokonza mapampu anandiuza kuti pulogalamu ya m'makinamo ikaitanidwanso imayambira paziro, pokhapokha utaisungira nambala pambali.

Ndiye ndikulota ndili m'kati mwa kamakina ka pampu yathu, kochepa ngati bokosi la machesi. Akazi anga aNaphiri akudina batani, ine tulukiru: "Ndinu ndani, mayi?" Ndikabwerera, tsache likusesa m'mutu mwanga. Akudinanso, ndikufunsanso. Mawaya akuphuka masamba. ANaphiri akulira, kenako akukulunga dzina lawo m'mpango, akuliika pashelefu pomwe tsache silifika. Akudina, ine tulukiru: "Naphiri!"

Ndadzidzimuka maso atanyowa. Iwo akundifunditsa bulangeti: "Abambo, mwandiitana katatu konse. Ndili pompano, gonani."