Agogo a tizilombo

Kukamacha, madzi a m'nyanja atabwerera m'mbuyo, Amatope ankakhala ali kale pa mathiriro a mtsinje, atavala majombo ofika m'mawondo. Dzina lawo lenileni analinalo, koma kuntchito ngakhale kutchalitchi onse ankawatcha Amatope, iwo n'kumayankha. Ankatsika m'boti mosamala, kuponda pamene pali mizu, chifukwa thope la pamenepo likameza mwendo limabweza phazi lokha, jombo n'kutsala.

Ntchito yawo inali yosasintha. Ankatenga paipi yapulasitiki yoonekera mkati, kuizika m'thope moongoka, kutseka pamwamba ndi chitsekero cha labala, kuizula, n'kutsekanso pansi mwamsanga mphepo isanalowe. Pamwamba pa paipiyo thope linkaoneka lofiirira, koma pansi linali lakuda bii, lonunkha ngati dzira loola. Potseka ankasiya kupuma, ngakhale palibe anawauza kutero.

"Pumani, achimwene," ankatero woyendetsa boti, mnzawo wakalekale. "Mukakomokera mmenemo ine sindikunyamulani. Ndingobzala kamtengo pamutu panu ndizipita."

"Iwe yang'ana injini yako. Dzulo inatsokomola kuposa iwe."

Mapaipiwo ankawaika m'bokosi la ayezi n'kupita nawo ku labotale, kwa a Dokotala, mayi wamfupi wa magalasi amene sankachiza anthu. Ndiwo anawafotokozera, atangoyamba ntchito, kuti m'thope lakudalo muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Mtsinje umatsika ndi feteleza wokokoloka m'minda ndi zonyansa za m'tauni. Tizilomboto timatenga mchere wa m'fetelezamo n'kuusandutsa mpweya umene umangokwera kumwamba. Pakanapanda ito, madzi akanadzala ndere, nsomba n'kumafa. Koma timagwira ntchitoyi pokhapokha pamene mpweya umene anthu timapuma sufika. Amatope anaikonda nkhaniyi. Ankati Mulungu ali ndi antchito ambiri amene sawalembetsa kulikonse.

Akazi awo anali atamwalira kale pamene mwana wawo wamwamuna, wokonza magetsi, anakwatira n'kubwera ndi mkazi wake m'nyumbamo. Mpongoziyo anali waulemu ndi waukhondo kwambiri. Tsiku loyamba kudyera pamodzi anafunsa kuti, "Kodi bambo, ku nyanjako mumagwira nsomba?"

"Ayi, mwanawe," anayankha monyadira. "Ine ndimatola tizilombo."

Mpongozi anaika supuni pansi. Amatope sankadziwa kuti mayi ake a mtsikanayo anadwala nthawi yaitali n'kumwalira ndi kachilombo kaja, ndipo ndi iye amene ankawasambitsa. Kwa iye mawu amenewo analibe tanthauzo lina.

Panalibe mkangano. Kungoti zovala zawo za kuntchito zinayamba kuchapidwa m'beseni lakelake, kuseri kwa nyumba. Kapu yawo inapeza msomali wake wokolekapo. Majombo ankagona panja. Amatope sanaone vuto. Fungo la thope nawonso ankalimva.

Vuto analiona mdzukulu atabadwa. Kanali kamtsikana, ka mphuno ya agogo ake aakazi omwalira aja. Tsiku limene anabwera nako kuchokera kuchipatala, Amatope anasamba kuntchito, n'kusambanso kunyumba, n'kutsuka zikhadabo ndi ndimu. Anakhala pa mpando wa pabalaza n'kutambasula manja.

"Bambo, mwatopa, pumulani kaye," anatero mpongozi. "Kangogona kumene."

Mawa lake kanali ndi chimfine. Mkuja wake kanali kakuyamwa. Anansi ankabwera kudzaona mwana, kumunyamula, kumutembenuza, kunena kuti wafanana ndi uyu kapena uja. Ngakhale woyendetsa boti, ndi manja ake onunkha dizilo, anamunyamula n'kumuimbira. Amatope ankangoonerera ali pa mpando wawo.

Patapita miyezi anaitana mwana wawo ndi mkazi wake, Lamulungu lina atachoka kutchalitchi.

"Ana anga, tizilombo tangati sitilowa mwa munthu. Timaopa ndi mphepo yomwe. Ndikangotsegula paipi timasiya ntchito. Ndito timatsuka madzi amene nsomba zanu zimakhalamo."

Mpongozi anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pansi.

"Ndamva, bambo. Koma ndifunse nawo. Ngati n'tabwino, bwanji mumavala magolovesi?"

Amatope anayang'ana manja awo. Magolovesi ankavaladi, chifukwa mtsinjewo umadutsa m'tauni ndipo m'thopemo simukhala tizilombo tabwino tokhatokha. Anayesa kufotokoza kuti pali mitundu iwiri, ndipo kuti toipato sopo amachotsa, koma mawu a mitundu yonse iwiri anali amodzi omwewo, ndipo akawatchula nkhope ya mpongozi inkauma.

"Adadi, musiyeni," anatero mwana wawo atatsala awiri. "Mayi wa mwana woyamba amakhala choncho. Kakakula kazidzabwera kokha."

Kanakuladi. Kanayamba kukwawa, ndipo malo amene kankawafuna kwambiri anali pakhomo, pamene pankakhala majombo. Kakangoyandikira, mayi ake ankatulukira kukhitchini manja ali ndi thovu, n'kukanyamula. Amatope anaphunzira kusewera nako ali patali. Ankafufumitsa masaya n'kuwaphulitsa ndi zala, kutsanzira phokoso la jombo pozuka m'thope. Kamwanako kankaseka mpaka kugwa chagada. Mawu oyamba amene kanawaitanira sanali oti agogo, linali phokoso lomwelo la pakamwa.

Woyendetsa boti sankaisiya nkhaniyi.

"Inunso achimwene, pakamwa. Mukanangonena kuti mumayeza matope, bwenzi pano kakukukodzerani pa miyendo. Munthu wamkulu kukadzitama ndi tizilombo kwa apongozi?"

"Ndinanena zoona."

"Eya, ndiye zinyamuleni zoonazo muzizigoneka."

Amatope sanakwiye. Anazika paipi ina, anasiya kupuma, anatseka.

Chaka chachiwiri cha mdzukuluyo chisanakwane, kampani ya magetsi inasamutsira mwana wawo ku tauni ina yakutali, kumtunda kopanda nyanja. Anawauza kudakali milungu ingapo. Amatope sanatsutse. Anathandiza kumanga katundu, kumasula bedi, kukulunga mbale m'manyuzipepala. Mmawa wa ulendowo sanapite ku mathiriro. Anavala malaya oyera a kutchalitchi amene sanafikepo kufupi ndi thope, n'kuperekeza banjalo kudepoti.

Basi itafika panali chipwirikiti. Mwana wawo anakwera pamwamba kukathandiza kumangirira matiresi. Mpongozi anatsala pansi ndi mwana m'manja, chikwama paphewa, ndi thumba lalikulu la ziwiya pa mapazi. Sakanatha kukwera ndi zonsezo. Anayang'ana apongozi ake, iwo namuyang'ana. Kamwanako kanafufumitsa masaya.

"Bambo," anatero mpongozi, "tandigwirirani thumbali."

Analigwira, n'kulikweza bwinobwino, osaswa kanthu. Basi inanyamuka. Amatope anabwerera kunyumba, anachotsa kapu yawo pa msomali n'kuiika m'kabati pamodzi ndi zinzake, ndipo tsiku lotsatira kukucha anali m'boti.

Anagwirabe ntchitoyo mpaka mawondo atakana. Sanamunenepo zoipa mpongozi wawo; ankati ndi mayi wosamala, ndipo mwana amene ali m'manja otere sadwaladwala. Zithunzi zinkabwera pa foni, iwo n'kumaonetsa woyendetsa boti.

Panali chinthu chimodzi chimene sanauze mwana wawo. Sabata imene anamva za kusamukako, a Dokotala anabwera nawo ku mathiriro kudzaona malo atsopano otengapo thope. Pobwerera a Dokotalawo anakhala kutsogolo kwa boti, akuyang'ana mapaipi imodziimodzi padzuwa. Amatope anavula magolovesi, anapukuta manja pa buluku, n'kusendera pafupi, n'kuyamba kulankhula. Nthawi yomweyo woyendetsa boti anakoka chingwe, injini inalira. A Dokotala anaika dzanja kukhutu n'kugwedeza mutu akumwetulira, ndipo Amatope sanadziwe ngati amva kapena ayi. Sanabwerezenso, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anali atanena kuti:

"Mayi, mukapeza mpata Lamulungu lina, mudzafikeko kwathu. Tiyi tidzaphika. Mudzangomuuza mpongozi wanga ndi pakamwa panu kuti ndikasamba ndingathe kunyamula mwana."