Filomena ndi milu yake ya njere

Zoti Filomena anapha ana asanu ndi anayi ndi njere za thonje, zimene mumauzana pamtondo ndi kumunda, ndi bodza. Ine ndinalipo, ndinakhala pafupi ndi chikho cha mwavi chenichenicho, ndipo amene amaikamba mokometsera nkhaniyi ndi aja anabisala m'mapira tsiku limenelo.

Filomena anafika m'mudzi mwathu, kumunsi kwa Bangula, chaka chimene Asena ankathawa nkhondo kwa Apwitikizi. Anabwera ndi mtolo umodzi pamutu ndi pakamwa pakuthwa. Anakwatiwa ndi Paulo, msodzi wofatsa, koma miyezi isanachuluke Paulo anagwidwa kukanyamula katundu kunkhondo ya Jeremani, ndipo sanabwereko. Mkazi wamasiye amabwerera kwawo. Uyu kwawo kunapsa, ndiye anangokhala pakati pa abale a mwamuna wake, iwo osamufuna, iyenso osawanyengerera.

Chimene chinkamudyetsa ndi maso. Ogula thonje ku Chiromo ankafuna losankhidwa, loyera mbee mulu wake, lachikasu lolumidwa ndi mbozi mulu wake. Ife tinkapeza milu iwiri, titatopa. Filomena m'dengu lomwelo ankapezamo inayi, ndipo mzungu wa pasikelo sankabweza lake. Anthu ankamupatsa mapira kapena nsomba kuti awasankhire. Vuto lake, dzanja linazolowera. Mukamupatsa nsomba, asanathokoze wayamba kale kuika mphende uku, milamba uko. Mpaka anthu ankatisankha. Ankati m'mudzi muno muli milu itatu: aulesi, abodza, ndi aulesi abodza. Ine anandiika wachiwiri, ndipo sindinadandaule poti ulesi ndilibe.

Kenaka chinafika chaka cha chilala. Shire anaphwa, ng'ona zinasendera padooko pamene timatunga madzi. Padookopo pamakhala mpanda wa mitengo wozikidwa m'madzi, kuti mkazi atunge mkati mwake ng'ona ili kunja. Mpandawo unawola, ng'ona inagwira mtsikana wina dzuwa likuswa mtengo. Amene anamanganso mpanda ndi Geresomo, mkulu wake wa Paulo, munthu wamphamvu koma wokonda kutamandidwa. Anayenda mudzi wonse kunena kuti mpanda wake ngakhale mvuu singaugwedeze. Akazi ambiri anamuyamikira, koma poopabe ng'ona anasenza mitsuko kulowera kuthamanda la kuseri kwa mudzi, madzi obiriwira otsala ndi chigumula, kumene mbuzi zimamwa ndi ana amadzithandizira m'mphepete.

Kamwazi anayamba mwezi wotsatira. Pa miyezi iwiri tinaika ana asanu ndi anayi, ndipo odwala ankagona m'makonde ngati mitolo ya bango.

Pamenepo aliyense anasanduka wosankha. Aphunzitsi a Simoni, a sukulu ya mishoni, anati akufa ndi osabatizidwa, kufikira tsiku limene anamwalira mwana wa mkulu wa mpingo. Madoda anati nthendayo ikugwira nyumba za obwera, chikhalirecho theka la malirowo anali a eni dziko. Milu yawo yonse inkagumuka. Ndiye anamwalira Lily, mwana mmodzi yekhayo wa Geresomo, ndipo bamboyo anapeza mulu wake umene sunagumuke: nyumba zonse zamaliro zinakanganapo ndi Filomena. Zinali zoona. Koma m'mudzi muja, ndi nyumba iti imene sinakanganepo naye?

Tsiku lina Geresomo anazungulira kuseri kwa nyumba ya mlamu wakeyo, napeza pansi patasesedwa bwino. Panali mulu waukulu wa njere za thonje, mulu wina wocheperapo, ndi njere imodzi payokha pakati. Zambiri za mulu waukulu zinali zodetsedwa ndi khala. Anawerenga zodetsedwazo, zinafanana ndi nyumba za odwala ndi zamaliro. Yapayokha ija nayonso inali yakuda.

Mwavi boma linaletsa, choncho amfumu anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi mlongo wodwala ku Mbenje, nanyamuka. Geresomo anakatenga mapondera, nkhalamba ya kumapiri yodziwa kusinja khungwa la mwavi. M'mawa tonse tinasonkhana pansi pa mtengo wa bwemba. Lamulo lake mukulidziwa: ukasanza ndiwe wosalakwa, ukapanda kusanza wafa ndi ufiti wako. Filomena anali atagona masiku atatu ndi nyika zokha m'mimba, zija timazula m'dambo nthawi ya njala. Thupi lotero mwavi sulidikira.

"Mlamu," anatero Geresomo, "njere iyi yapayokha ndi yani?"

"Ndi nyumba yanu, alamu."

Anthu anang'ung'udza. Mapondera anapitiriza kusinja, go, go, ngati nkhaniyo siikumukhudza.

"Mwamva nonse. Wavomera."

"Nkhabe," anakana Filomena m'chilankhulo cha kwawo. "Ndavomera kuti ndi nyumba yanu, ndiyo yandikanika kuiika pamulu. Ndimwa mwavi wanuwo. Koma poyamba mundilole ndisankhe kamodzi kokha, poti aphunzitsi anasankha, madoda anasankha, inunso mwasankha."

"Usankhe chiyani, thonje?"

"Akazi."

Wina anaseka, nasiya msanga. Mapondera anati khungwa silinalale, asankhe ngati akufuna.

Filomena anaimirira, mawu ali bwinobwino, ngati ali pamsika. "Amene mumatunga kudooko, imani uku. Amene mumatunga kuthamanda, imani uko. Musanamize, mitsuko yanu ndimaiona." Akazi anayang'anana, nayamba kusuntha. Kuthamanda kunadzaza. Kudooko kunaima ochepa, ndi Esinala, mkazi wa Geresomo, pakati pawo, mutu wometa wa maliro utawerama.

"Tsopano amene m'nyumba mwanu muli wodwala, kapena mwaika mwana, khalani pansi."

Kuthamanda anakhala pansi mmodzimmodzi, mpaka oimirira anatsala atatu, akuyang'ana uku ndi uku ngati nkhuku zonyowa. Kudooko onse anaimabe. Kenaka Esinala yekha anapinda mawondo, nakhala.

Ndinamva mapondera akuthira madzi m'chikho.

"Ndi imeneyotu njere yako," anatero Geresomo, mawu ali pansipansi. "Mkazi wanga amatunga mumpanda wanga. Madzi a m'thamanda sanalowepo m'nyumba mwanga. Nanga Lily anadya chiyani? Mpatseni amwe."

Filomena analandira chikho ndi manja awiri. Madzi ake anali ofiirira, tizidutswa ta khungwa tikuyandama. Sanayang'ane Geresomo. Anayang'ana Esinala.

"Amake Lily," anatero, "ine kudooko ndimapita m'mawa ndi madzulo. Chimangireni mpanda sindinakupezeniko, ndipo matope a pamtsuko panu ndi akuda, a kudooko ndi oyera. Sindinafune kukuikani pamulu ndisanamve pakamwa panu. Thonje ukaliika polakwika limawononga dengu lonse."

Ife tinkadziwa chimene Esinala ankayeza mumtima: uku mkazi wachilendo wopanda mbale, uko mwamuna wake amene dzanja lake mudzi wonse unkalimva kudutsa m'zipupa. Chikho chinafika pachibwano. Ndinaona mlomo wa Filomena ukukhudza m'mphepete.

Esinala anadzuka. Anayenda pang'onopang'ono kudutsa pabwalo, pamaso pa mwamuna wake, nakakhala pansi pakati pa akazi a kuthamanda.

"Mpandawo uli ndi mpata kumunsi, bambo ake a Lily," anatero osadzutsa mutu. "Ndinaona mchira wa ng'ona ukulowa. Ndikanakuuzani bwanji, inu mutauza mudzi wonse kuti ngakhale mvuu?"

Mapondera anatambasula dzanja, natenga chikho chake, nathira mwaviwo patsinde pa bwemba. Anati iye anaitanidwa kudzagwira mfiti, za thamanda sanaphunzire, ndipo nkhuku imene anamulonjeza aitengabe.

Masana omwewo akazi anakwirira njira ya kuthamanda ndi minga, amuna anatsika kudooko ndi mitengo yatsopano. Geresomo analowa m'madzi mpaka m'khosi, napeza mpatawo, woti munthu wamkulu n'kukwawamo. Sanapepese kwa mlamu wake, ndipo pa nyumba yake panakhala chete masabata ambiri, chete amene ine, ngakhale ndinayesetsa kudutsapo kawirikawiri, sindinamvemo kanthu. Anamwaliranso mwana mmodzi amene anali atadwala kale, kenaka maliro anatha.

Filomena sanafewe ayi. Anakhala m'mudzimo zaka zina zisanu ndi chimodzi akusankha thonje la anthu ndi kutukwana eni ake, mpaka anakwatiwa ndi woyendetsa bwato wa ku Chiromo, wogontha khutu limodzi, amene aliyense anati wasankhidwa bwino.

Ana aja anaphedwa ndi madzi a m'thamanda amene amayi awo ankatunga poopa ng'ona.